Kugogoda katatu: madzulo pasukulu ya jiu-jitsu ku Rio de Janeiro

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

  Lero tichokeko kaye pabwalo la mpira, tiwoloke nyanja ya Atlantic mpaka mumzinda wa Rio de Janeiro m'dziko la Brazil. Kumeneko tikalowa m'chipinda china cha m'dera la anthu wamba, mwina pamwamba pa sitolo, mwina m'galaja yakale, momwe anthu oweruka kuntchito ndi ana asukulu amakumana madzulo kudzaphunzira masewera otchedwa jiu-jitsu.

Ndisanapite patali, ndili ndi mawu kwa inu ana amene mukumvera limodzi ndi makolo anu. Zimene ndifotokoze pano musakaziyesere pa mng'ono wanu kuseri kwa nyumba. Zimafuna mphunzitsi, zimafuna malo ake, ndipo zina mwa izo zitha kupha munthu.

Jiu-jitsu wa ku Brazil ndi masewera ogwetsana ndi kulimbana pansi. Mulibe nkhonya, mulibe mateche. Munthu amafuna kumugwetsa mnzake, kumupanikiza pamalo poti sangadzipulumutse, kenaka kumugwira mwa njira yoti avomere yekha kuti wagonja. Njira zake zikuluzikulu ndi ziwiri, kumukanyanga pakhosi, kapena kumupinda chigongono, phewa kapena kakolo mpaka pomwe mfundoyo singapitirirenso. Mukamva choncho mwina mukufunsa kuti, nanga anthu ochita zotere kanayi kapena kasanu pasabata amadzuka bwanji m'mawa n'kupita kuntchito ali athunthu? Funso limenelo ndi limene tiyende nalo lero.

Chinthu choyamba kuchiona pakhomo ndi mulu wa mapatapata, amene eni ake amati chinelo. Pansi ponse m'chipindamo amayalapo mphasa zochindikala zofewa zotchedwa tatame, ndipo pamphasapo sipaponda nsapato, kaya mlendoyo ndi wolemekezeka chotani. Wofuna kupita kuchimbudzi amavala mapatapata ake, pobwera amawavulanso. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: pomwe phazi lanu laponda, posakhalitsa pagona tsaya la mnzanu. Zipere ndi zithupsa zimafala msanga pakati pa anthu okhudzana khungu ali thukuta kamukamu. N'chifukwa chake pasukulu yosamala amakuuzani tsiku loyamba lomwelo kuti muwenge zikhadabo zam'manja ndi zakumapazi, muchotse mphete ndi ndolo, muzichapa chovala chanu tsiku lililonse limene mwachivala, ndipo mukaona kachilonda kachilendo pakhungu mukhale kunyumba mpaka kapole.

Chovalacho ndi jekete lolimba la thonje, buluku ndi lamba womanga m'chiuno. Ku Brazil amachitcha kimono, kumaiko ena amati gi. Kolala yake ndi yochindikala kwambiri chifukwa ndi chogwirira, ndipo munthu atha kukukanyangani ndi kolala ya jekete lanu lomwe. M'chilimwe cha ku Rio, chimene chimafika pachimake mu Januwale ndi Febuluwale, jeketelo limanyowa ndi thukuta phunziro lisanafike n'komwe pakati. Masiku ena amaphunzira opanda kimono, atavala kabudula ndi malaya othina, ndipo pamenepo munthu amaterereka m'manja ngati mlamba.

Mphunzitsi amatchedwa professor. Abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amene mumalankhula Chipwitikizi, mawu ambiri a lero simuwamva achilendo, chifukwa masewerawa anakulira m'chilankhulo chimenecho, ndipo ngakhale m'masukulu a jiu-jitsu a ku Johannesburg kapena London mudzamva ena mwa mawuwa.

Professor akaitana, onse amaima pamzere motsatira malamba awo. Kwa akuluakulu malamba amayambira woyera, kenaka wabuluu, wapepo, wabulawuni, mpaka wakuda. Ana ali ndi awoawo, wotuwa, wachikasu, waolenji ndi wobiriwira, ndipo wabuluu sauvala asanakwane zaka 16. Kunsonga ya lamba kuli kachigamba komwe mphunzitsi amakulungapo timizere ta tepi, mpaka tinayi, posonyeza kuti wophunzira akusuntha. Kufika pa lamba wakuda kumatenga anthu ambiri zaka pafupifupi 10. Mzere umenewu ine umandigwira mtima. Loya amene wayamba mwezi watha amaima kumapeto kwenikweni, pamene mnyamata wonyamula anthu panjinga yamoto, wa lamba wabulawuni, ali kutsogolo, ndipo ikafika nthawi yophunzira, loyayo ndi amene amafunsa nzeru kwa mnyamatayo.

Kutenthetsa thupi kumatenga mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Amathamanga mozungulira, amagubuduka chamutu ndi chagada, amaphunzira kugwa osavulala, chibwano chili pachifuwa kuti mutu usagunde pansi. Kenaka pamabwera kayendedwe kena kamene mlendo aliyense amadabwa nako. Onse amagona chagada, n'kutembenukira kumbali, n'kudzikankha ndi phazi kuti chiuno chithawire kumbuyo, uku ndi uku mpaka kumapeto kwa mphasa. Amati fuga de quadril, kuthawitsa chiuno. Wa lamba woyera amachita, wa lamba wakuda amachitanso, chifukwa munthu wopanikizidwa pansi sapulumuka ndi mphamvu za manja. Chimamupulumutsa ndi chiuno.

Tsopano onse amakhala pansi mozungulira, professor n'kuitana wophunzira mmodzi kuti asonyezere naye phunziro la tsikulo. Tiyeni titenge limodzi mwa maphunziro oyambirira, kuti muone mmene nzeru zake zimayendera. Yerekezani kuti mwagona chagada, ndipo munthu wolemera kuposa inu wakukhalirani pamimba, mawondo ake ali mbali ndi mbali. Kukhala kotero amati montada. Thupi limakuuzani kuti mumukankhe pachifuwa ndi manja onse awiri. Kutero n'kumupatsa mkono wanu wowongoka, umene iye akufuna kuti aupinde. Professor amakuphunzitsani zina. Gwirani mkono wake umodzi, muukanikize pachifuwa panu. Ndi phazi lanu, tsekerezani phazi lake la mbali yomweyo. Tsopano mbali imeneyo alibe chotsamira, ali ngati tebulo lothyoka miyendo iwiri ya mbali imodzi. Nyamulani chiuno m'mwamba ndi mphamvu ya miyendo, mugubudukire kumeneko. Munthu uja amagwa, inu n'kukhala pamwamba. Kachitidwe kameneka amati upa.

Akatha kusonyeza katatu kapena kanayi, amawomba m'manja, aliyense n'kupeza mnzake. Wina achita kakhumi, asinthana, mnzake achitanso kakhumi. Panthawi imeneyi palibe kupikisana. Mnzanuyo wakubwerekani thupi lake kuti muphunzirirepo, ndipo inunso mumubwereka lanu. Professor amayendayenda pakati pawo, kukonza chigongono apa, kusuntha bondo apo, nthawi zina ndi kampata kochepa ngati chala, koma kampata komweko ndi kamene kamasiyanitsa chogwira ntchito ndi cholephera.

Pali kakhalidwe kena komwe n'kofunika kukatchula, chifukwa ndi kamene kanatchukitsa masewerawa. Amakatcha guarda. Munthu ali chagada, koma miyendo yake yazinga mnzake m'chiuno kapena yamutchinga kutsogolo. Pamasewera ambiri ogwetsana, msana ukagunda pansi nkhani yatha. Kuno wapansiyo atha kumugubuduza wapamwamba, kumupinda mkono, kapena kumukanyanga ndi miyendo pogwiritsa ntchito kagwiridwe kotchedwa triângulo. Theka la moyo wa wophunzira limathera pofuna kudutsa miyendo ya mnzake, theka linalo poletsa mnzake kudutsa yake.

(Kanyimbo kakafupi)

Pakhoma la masukulu ambiri otere pamakhala zithunzi za akuluakulu akale, ndipo n'koyenera kuti tiwadziwe. Mu 1882, Jigoro Kano anakhazikitsa sukulu ya judo yotchedwa Kodokan mumzinda wa Tokyo. Mmodzi mwa ophunzira a sukuluyo, Mitsuyo Maeda, anayendayenda m'maiko ambiri akulimbana ndi aliyense womuputa, mpaka anafika ku Brazil mu 1914 n'kukhazikika mumzinda wa Belém, kumpoto, m'chigawo cha Pará. Kumeneko mnyamata wina, Carlos Gracie, anayamba kuphunzira luso limeneli. Banja lawo litasamukira ku Rio, Carlos ndi abale ake, makamaka mng'ono wake Hélio, anayamba kuphunzitsa, ndipo pang'onopang'ono kulimbana pansi kunakhala mtima wa masewerawo. Dzina la Gracie ndi limene dziko lonse limalidziwa. Koma poti lero tili m'dera la anthu wamba, ndikufuna mukumbukirenso Oswaldo Fadda, wophunzira wa Luiz França. Fadda ankaphunzitsa ku Bento Ribeiro, kutali ndi madera a olemera a m'mphepete mwa nyanja, ndipo ankalandira ana a osauka amene sakanatha kulipira kwina. Ophunzira ake ankadziwika ndi luso logwira mapazi. Sukulu ya m'dera ngati imene tayendera lero ili ndi ngongole kwa munthu ameneyu.

Kunja kwa Brazil masewerawa anamveka kwambiri mu 1993, pampikisano woyamba wa UFC mumzinda wa Denver ku America, pamene Royce Gracie, mwana wa Hélio, munthu wa thupi losaopsa poyerekeza ndi anzake, anagonjetsa anthu atatu usiku umodzi, onsewo powachititsa kuvomera okha kuti agonja.

Tibwerere m'chipinda muja, chifukwa yakwana nthawi imene onse amaiyembekeza. Amaitcha rola, kugubuduzana. Wotchi yapakhoma amaitchera mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Awiriawiri amayang'anizana, kawirikawiri atagwada kapena atakhala pansi chifukwa malo ndi ochepa. Amawombana zikhatho, n'kugundanitsa zibakera pang'ono, basi zayambika. Tsopano mnzanu uja sakukulolaninso. Akukana ndi mphamvu zake, akufuna khosi lanu monga inu mukufunira lake.

Apa ndi pamene pali yankho la funso lathu lija. Munthu akaona kuti wagwidwa ndipo njira yotulukira palibe, amamenya thupi la mnzake ndi chikhatho kawiri kapena katatu, mopepuka koma momveka, ngati akugogoda pachitseko. M'Chipwitikizi amati bater. Manja akakhala kuti atsekerezedwa, amagogoda pansi ndi phazi, kapena kulankhula pakamwa. Ndipo wogwirayo amasiya nthawi yomweyo. Sadikira kuti amalize, safunsa ngati zikupwetekadi. Amamasula, awiriwo amawombananso zikhatho, n'kuyambiranso pomwepo.

Kachinthu kochepa kameneka ndi kamene kanyamula sukulu yonse. Woponya nkhonya sangamenye mnzake ndi mphamvu zonse tsiku ndi tsiku, mutu sungapirire. Koma wa jiu-jitsu atha kulimbana mwamphamvu lero, mawa ndi mkuja, chifukwa ndewu yake ili ndi chitseko chotulukira, ndipo chitsekocho amatsegula ndi wogonjayo. Taganizirani kagwiridwe kotchuka kotchedwa mata-leão, kutanthauza kupha mkango. Wogwira ali kumbuyo, mkono wake wazinga khosi, ndipo ukufinya mitsempha ya m'mbali mwa khosi imene imapititsa magazi ku ubongo. Atapanda kusiya, munthu amakomoka m'masekondi ochepa, ndipo kupitiriza pamenepo n'kupha. Choncho aliyense wolowa mu rola akuika khosi lake m'manja mwa munthu amene mwina wamudziwa sabata yatha, pokhulupirira kuti akagogoda amasulidwa. Ndi malo ochepa m'moyo momwe anthu amakhulupirirana mpaka pamenepo, kangapo pa ola limodzi.

Pali nkhani ina imene imakambidwa m'masukulu onse. Mu Okutobala 1951, pabwalo la Maracanã, Hélio Gracie analimbana ndi katswiri wa judo wa ku Japan, Masahiko Kimura, amene anali wolemera kuposa iye. Kimura anamugwira mkono n'kuupotokola. Hélio sanagogode. Mkulu wake Carlos ndi amene anaimitsa ndewuyo poponya thaulo, mkonowo utavulala kale. Mpaka lero kagwiridwe kameneko amakatcha kimura, polemekeza wopambanayo. Ambiri amaikamba nkhaniyi ngati ya kulimba mtima, ndipo kulimba mtima kunalipodi. Koma ine ndinganene mosabisa kuti wophunzira wotengera zimenezi m'kalasi la Lachiwiri madzulo walakwitsa. Mphunzitsi wabwino amabwereza mawu amodzi kwa atsopano: gogoda msanga, gogoda kawirikawiri. Chigongono chikaphulika, mnzanu adzapepesa ndi mtima wonse, koma pepani sapoletsa chilonda, ndipo miyezi itatu mudzakhala panja mukuonerera anzanu.

Udindo uli mbali zonse. Wogwira mkono amayenera kufinya pang'onopang'ono, kuti mnzake apeze mpata wogogoda. N'chifukwa chake pasukulu yabwino woyamba kumene amamupereka kwa wa lamba wapepo kapena wabulawuni. Munthu woopsa m'chipindamo ndi mnyamata wamphamvu wa sabata yachiwiri, amene sanadziwe kuugwira mtima, amene amaponya zigongono ndi mawondo mwamantha. Katswiri amakugonjetsani mofatsa, mwina kasanu pa mphindi zisanu, inu osamva kupweteka paliponse, kenaka n'kukuuzani pomwe munalakwitsa.

Miyezi yoyambirira ndi yowawa, ndipo sindikubisirani. Mpweya umatha pamphindi yachiwiri. Munthu wochepa thupi kuposa inu akakugonerani pachifuwa mumamva ngati akusanjikirani matumba a simenti, chifukwa wadziwa kuika kulemera kwake konse pamalo amodzi. Zala zimatupa ndi kugwira kimono, moti ambiri amazikulunga ndi tepi. Ena makutu amatupa chifukwa cha kukhuzika, magazi n'kuunjikana pansi pa khungu, ndipo akapanda kupita kuchipatala msanga khutu limauma lili lopindikapindika mpaka kalekale. Mawondo, nthiti ndi khosi nazo zimadandaula. Koma chowawa kuposa zonsezi ndi kugonja kosalekeza. Bambo wa ulemu wake, amene kunyumba ndi kuntchito amamumvera, amagogoda kwa mtsikana wa zaka 17 wa lamba wabuluu. Ena sabweranso. Amene amabwera amayamba kuwerenga kupambana mwa njira ina: lero ndinapuma bwino pansi pa munthu wolemera, lero upa uja wagwira ntchito kamodzi, lero ndinaona msampha usanafwamphuke. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za atsikana ndi amayi, masiku ano m'makalasi ambiri mumawapeza, ndipo masukulu ena ali ndi nthawi ya amayi okhaokha. Kale sizinali choncho. Mayi woyamba kulandira lamba wakuda anali Yvone Duarte, mu 1990. Makolo ofuna kutumiza mwana wamkazi, kapena mwana aliyense, ali ndi ufulu wokhala pambali n'kuonerera kalasi yonse, ndipo sukulu yokana zimenezi ndi yofunika kuikayikira, chifukwa masewera okhudzana thupi chotere amafuna mphunzitsi wa khalidwe loonekera poyera.

Mpikisano ukayandikira, rola amatentha ndipo ophunzira amayamba kuwerenga mapointi motsatira malamulo a bungwe la IBJJF. Kugwetsa munthu ndi mapointi 2, kumugubuduza kuchokera pansi 2, kumuika bondo pamimba 2, kudutsa miyendo yake 3, kumukhalira pamimba kapena kumugwira kumbuyo 4, ndipo pamalo aliwonse pamafunika kukhazikikapo masekondi atatu. A lamba woyera amalimbana mphindi 5, a lamba wakuda 10. Koma ophunzira ambiri a m'dera sapita kumpikisano n'kamodzi komwe, ndipo palibe amawaona ngati operewera.

Sizonse za m'masukuluwa zimene ndingaziyamikire. Kwina, tsiku lolandira lamba watsopano, wolandirayo amadutsa pakati pa mizere iwiri ya anzake amene amamukwapula kumsana ndi malamba awo. Amati corredor polonês. Masukulu ambiri anasiya mwambo umenewu, ndipo anachita bwino, chifukwa ndi nthawi yokhayo m'chipindamo pamene munthu akumva kuwawa koma kugogoda sikumuthandiza. Palinso mawu onyoza akuti creonte, otchulira wophunzira amene wasamukira sukulu ina, ngati kuti wapereka anzake. Kukhulupirika n'kwabwino, koma munthu wolipira mwezi ndi mwezi, amene wasamuka dera kapena sakusamalidwa bwino, sayenera kunyozedwa posankha kwina. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo masiku ano masukulu ambiri amatsegula zitseko Loweruka kuti a kwina abwere kudzagubuduzana nawo.

Ndalama nayo ndi nkhani. Pali malipiro a pamwezi, pali mtengo wa kimono, ndipo kwa banja losauka zimenezi ndi phiri. N'chifukwa chake m'madera osauka a m'mapiri a Rio, otchedwa favela, muli makalasi aulere a ana, momwe kimono cha mwana amene wakula chimapita kwa wina wocheperapo. Ku Cantagalo, pamwamba pa Copacabana ndi Ipanema, kunachokera Fernando Tererê, amene anakhala katswiri wa dziko lonse, ndipo kwawo komweko kuli ntchito yophunzitsa ana yodziwika ndi dzina lake.

Wotchi ikalira komaliza, ola ndi theka latha. Ena agona chagada akuyang'ana kudenga, majekete ali pululu, malamba atamasuka. Professor amaitana, onse amakonza zovala, amamanganso malamba, n'kuima pamzere uja. Amawerama, ena n'kunena mawu akuti oss, kenaka mzere umayenda, aliyense kugwirana chanza ndi aliyense, kuyambira mphunzitsi mpaka amene wabwera lero. Amene amafinyana makosi mphindi khumi zapitazo amakumbatirana, n'kunena obrigado. Awiri kapena atatu amatsala kukolopa mphasa ndi mankhwala ophera tizilombo. Pakona wina akadali pansi ndi mnzake, akufunsa kuti, pajatu unandigwira bwanji, tandionetsanso. Ena onse amafufuza mapatapata awo pamulu paja, kimono chonyowa chili m'chikwama, ndipo amene ali ndi kangachepe m'thumba amaima pakasitolo ka pakona kugula mbale ya açaí wozizira, phala lapepo la zipatso za mtengo wa mtundu wa kanjedza wa ku Pará, kwawo komwe kuja kumene Maeda anakhazikika.

  

(Nyimbo yotsekera)